Mbedza za m'Piyano ya Boma

Maniamba, 1977

Ana anga, za ubwana wanga sindilemba. Mwana aliyense wa m'mbali mwa nyanja anakula chimodzimodzi: mphere, malungo, ndi kukwapulidwa chifukwa chotaya nkhafi ya bambo ake. Ndiyambira pamene boma linandipatsa makiyi, chifukwa kuyambira tsiku limenelo anthu anaiwala kuti ndine Matiasi, nkuyamba kunditchula kuti "wa loja".

Loja inali sitolo ya boma, ndipo ntchito yanga yoyamba inali ku Maniamba, kumtunda kozizira kuja, monga wothandizira a Shefi Bonifasiyo. Bambo ameneyu anandiphunzitsa chinthu chimodzi chokha, koma chinandidyetsa mpaka tsiku lopuma ntchito. Ankati, "Matiasi, katundu akhalepo asakhalepo, mashelefu uzipukuta. Munthu akaona shelefu yoyera amati katundu ali m'njira. Akaona fumbi amati taba." Ndinapukuta mashelefu mokhulupirika mpaka anandikweza udindo.

Meluluca, 1981

Ananditumiza ku Meluluca kuti ndikasunge loja pandekha. Nyumbayo kale inali ya Mpwitikizi wina wamalonda amene anathawa ufulu utabwera. Ananyamula zonse, ndi chitseko cha chimbudzi chomwe, koma chinthu chimodzi chinamukanika kukweza m'boti: piyano ya mkazi wake, chilimba chakuda cholemera ngati ng'ombe. Boma litatenga nyumbayo piyano inasanduka ya boma, ine nkukhala mbusa wake. Pamwamba pake ndinkaikapo sikelo. M'munsi mwake, momwe thabwa linaguluka, nkhuku ya amayi anu inkaikiramo mazira, ndipo kwa zaka ziwiri phindu lonse la piyanoyo linali lomwelo.

Nkhondo itayamba kuyandikira, misewu inavuta ndipo katundu ankabwera mwa apo ndi apo. Akabweranso ankakhala wodabwitsa. Ulendo wina tinalandira polishi wa nsapato, m'mudzi momwe anthu ovala nsapato unkatha kuwaitana onse ndi mluzu umodzi. Ulendo wina tinalandira magalasi a nyali, palafini atatha kalekale. Mchere, sopo ndi mbedza, zimene anthu ankafunadi, tinkangozimva m'nkhani. Komabe anthu ankaima pamzere m'mawa uliwonse, ndipo ndikawafunsa chimene akudikira ankati, "Tikudikira kuti tione chomwe kulibe lero."

Bwana wanga anali a Shefi Gaspar, mlembi wa dera. Sanali munthu woipa. Anali munthu wamantha amene anapatsidwa chisoti, ndipo mantha akewo ankawabisa m'malankhulidwe aatali. Chaka ndi chaka, m'chilimwe, ankakonza mwambo wokumbukira malemu Barnaba Chipanda, ndipo ine ntchito yanga inali kutulutsa tebulo ndi mbendera. Barnaba simunamuone, inenso ndinangomuona kamodzi ndili wamng'ono. Anali namwino nthawi ya atsamunda. Masiku amenewo lole inkabwera kudzatola amuna kupita nawo ku chibalo, ntchito yokakamiza ya m'misewu ndi m'minda ya thonje. Barnaba sanagwirepo mfuti. Anangophunzitsa anthu kukhala pansi pakati pa msewu, nkumanena kuti munthu si thumba la chinangwa loti ungolikweza osalifunsa. Tsiku lina anamukweza iyeyo mu lole yomweyo, ndipo sanabwererenso. Mkazi wake, amayi Sesiliya, anali akadali moyo. Pamwambo tinkawakhazika kutsogolo, a Shefi akamaliza kulankhula mayiwo ankafuula mfuu ya chipani ija ya "Viva" kamodzi, ngati munthu amene akumeza mankhwala, nkumapita kwawo.

1983, mwezi wa fumbi

Chakudza sichiyimba ng'oma. Chaka chimenecho boma linaganiza zosesa m'mizinda ikuluikulu anthu onse amene linkawaona kuti sagwira ntchito, nkuwatumiza kwathu kuno ku Niassa kuti adzalime ndi kusodza. Ife ku Meluluca anatigawira atatu. Awiri anali anyamata amphamvu zawo. Wachitatu anatsika atavala suti yoyera, nsapato zamitundu iwiri, imvi zili mbuu, akutsokomola. Dzina lake anali Alberto. A Shefi atamufunsa m'Chipwitikizi ntchito imene ankagwira kumzinda, anati ankaimba piyano m'hotela usiku uliwonse kwa zaka zambiri. A Shefi anati, "Ndafunsa ntchito, kamarada, osati zimene unkachita ukaweruka."

Anamupereka ku koperativa ya asodzi, m'manja mwa Che Omari Saide, Msilamu wodekha amene makolo ake ankayenda malonda mpaka kugombe la nyanja yamchere. Che Omari anayesetsa. Anamupatsa nkhafi, bwato linangozungulira pamalo amodzi. Anamuika kokoka khoka, anagwa chagada khoka nkumukoka iyeyo. Anamupatsa mpeni woti azitumbula nsomba, iye ankagwira mpeniwo ndi zala ziwiri, akuteteza manja ake ngati mazira. Pamapeto pake Che Omari anabwera naye ku loja nati, "Wa loja, mundu uyu msungeni inu. M'maji atifera, ndipo mlandu ukhala wathu."

Alberto atalowa mu loja sanayang'ane ine, sanayang'ane mashelefu anga oyera. Anaima chilili akuyang'ana piyano. Anachotsa sikelo mwaulemu, anapepesa nkhuku, nkutsegula chivundikiro. Mano a piyanoyo, oyera ndi akuda, anali atasanduka achikasu. Anapempha pulayala, ndipo kwa masiku angapo ankangomanga ndi kumasula nsambo za m'kati, akugogoda dzino limodzi mobwerezabwereza mpaka amayi anu anafuna kusamukira kwawo. Kenako m'mawa wina, anthu ali pamzere, anakhala pa bokosi la polishi nkuyamba kuimba.

Kunena zoona, poyamba ndinaganiza kuti akulakwitsa. Anatenga nyimbo ya chioda imene anamva amayi akuimba kudambo, anaiyamba bwinobwino tonse nkuizindikira, kenako anaisiya panjira nkulowa m'tchire. Ukati basi yatayika, uyo watulukira nayo pomwe anaisiya paja. Nditamufunsa chifukwa chimene sakuimbira nyimboyo molunjika, anaseka mpaka kutsokomola.

"Matiasi, njira ya kuchitsime aliyense amaidziwa," anatero. "Jazi ndi kupita kuchitsime kudzera kwa anzako onse, koma madzi nkufika nawo kunyumba. Usamamvere dzanja lamanja lokha, limenelo ndi mwana wopulupudza. Uzimvera lamanzere. Ndilo mkulu wa pabanja, silisochera."

Ndinayamba kumvera dzanja lamanzere, ndipo kuyambira pamenepo nyimboyo inanditseguka. Ndinaikonda, ana anga, ndinaikonda kwambiri, ine munthu amene ndinali ndisanavinepo ngakhale mganda. Anandiuza kuti inayambika ndi anthu akuda a kutsidya kwa nyanja yamchere, zidzukulu za akapolo, ndipo ndi chifukwa chake imatha kuseka ndi kulira nthawi imodzi. A Shefi okha ndiwo sinawasangalatse. Anabwera, anamvetsera manja ali kumbuyo, nkufunsa kuti, "Nyimbo iyi ili ndi mawu?" Alberto anati ilibe. A Shefi anati, "Nanga tijiwa bwanji kuti ikunena zabwino za boma?"

1984, chaka cha njala

Che Omari anayamba kubwera ku loja tsiku ndi tsiku. Ankaima pambali pa piyano, mutu uli m'kati, osaphethira. Ine nkumati mkuluyu jazi yamulowa m'magazi. Osadziwa kuti iye ankayang'ana nsambo.

Muyenera kumvetsa mmene zinthu zinalili. Mvula inavuta, minda ya kumtunda anthu ankaopa kupitako chifukwa cha zigawenga, ndipo makoka anali atang'ambika opanda ulusi wosokera. Chotsala chinali kuwedza, koma mbedza kunalibe. Asodzi anali atasula kale masipoko a njinga zonse, nthiti za maambulera ndi masipuling'i a bedi la Mpwitikizi uja. Misomali inalipo, koma kampango akaikoka inkawongoka, nsomba nkumapita ndi nyambo.

Tsiku lina Che Omari anandikokera kuseri. "Wa loja, chindu ichi chili ndi waya wolimba, ndamuyesa ndi chala. Wandu akugona ndi njala, kampango akutiseka m'maji. Ife sitikuba, tabwera kupempha. Mwini makiyi ndinu."

Sabata yomweyo a Shefi anandiitana ku ofesi kwawo. Anatseka chitseko nkundiuza kuti kwabwera lamulo: obwera onse amene sakutulutsa kanthu kooneka ndi maso apititsidwe ku munda wa boma, kuseri kwa Maniamba. Tonse tinkadziwa za mundawo. Msewu wake unkawomberedwa, ndipo amene anapitako chaka chathacho palibe amene anatumizako ngakhale moni. Anyamata awiri aja mwina akanapirira. Alberto, ndi chifuwa chake chija, kuzizira kokhako kukanamumaliza.

Ndinati, "Shefi, koma amasangalatsa anthu pamzere."

"Chisangalalo chimayezedwa pa sikelo?" anandifunsa. "Ndibweretsereni chindu choti ndikaonetse akuluakulu, apo ayi akwera lole."

Mutu ukakula sulewa nkhonya. Piyano inali ya boma, ndipo kuiwononga kukanatha kundichotsetsa ntchito kapena kundiperekeza ku munda komweko. Kuisunga kunali kusiya ana a anthu ndi njala, Alberto nkupita ndithu. Njira ndinaiona imodzi, koma inali yowawa: Alberto akhale wosula mbedza wa koperativa, ndipo chitsulo chake chichokere m'piyano yomweyo. Ndinazengereza masiku angapo. Kenako m'mawa wina, asanayambe kuimba, ndinamuuza zonse.

Anaika manja pa maondo. Ine ndinkayembekezera kuti anditukwana. M'malo mwake anafunsa kuti, "Kampango ameneyu ndi wamkulu bwanji?" Ndinatambasula manja. Anagwedeza mutu, anaimirira, nkuloza mbali ya nsambo zonenepa. "Ameneyo ndi wa mawu aakulu. Muyambire kumapeto kuno, ndi kumapeto uko kwa tinsomba tating'ono. Pakati pano musakhudze, ndi pomwe nyimbo imakhala." Nsambo yoyamba anaidula yekha. Inalira ngati mwana wa mbuzi, ndipo ine ndinatuluka panja kukayang'ana nkhuku zimene sizinkafuna kuyang'anidwa.

Mbedza zake zinali zabwino zedi. Zala zimene zinakanika nkhafi zinkapinda waya mwaluso loti wosula wathu wakale anachita nsanje. Asodzi anayamba kuitanitsa mbedza ngati akuitanitsa nyimbo. Wina ankati, "Ndipatseni ya mawu a bambo." Wina ankati, "Ine ya mawu a namwali, ndikufuna utaka." Panabuka mkangano waukulu pa gombe, ena akuti mbedza za mano akuda zimagwira nsomba zambiri kuposa za mano oyera, mpaka Che Omari anaweruza kuti nsomba sizinapiteko ku hotela. Kampango woyamba anamubweretsera Alberto. Anadya mwakachetechete, nkunena kuti m'moyo wake wonse aka kanali koyamba kuti nyimbo imukhutitse. A Shefi anatumiza mbedza zodzaza chitini kwa akuluakulu, ndipo kwa miyezi ingapo za lole sitinazimvenso.

Koma nsambo sizibereka. Mwezi ndi mwezi piyano inkaguluka mawu kuchokera mbali zonse ziwiri. Masana Alberto ankasula, madzulo asanafike ankaimba pa zotsalazo, manja ake akuyandikana pang'onopang'ono mpaka anayamba kugundana. Pofika chilimwe cha chaka chotsatira panatsala kachigawo ka pakati pokha, kosakwana mkono. A Shefi anawerengera okha nkuona kuti waya akatha, ntchito yathanso. Anandiuza akuyang'ana pansi kuti nthumwi ya ku boma ibwera pa mwambo wa Barnaba, ndipo pofuna kusunga dizilo, lole yodzabweretsa nthumwiyo ndi yomwe idzatenge atatu aja pobwerera. Anawonjezera kuti Alberto aimbe pamwambowo asananyamuke, popeza alendo amakonda zachikhalidwe.

Tsiku la Barnaba, 1985

Asodzi ananyamula piyano kuitulutsa panja, pansi pa mtengo wa mango wa kutsogolo kwa loja. Inali itapepukako, koma anaibuulira ndithu. Lole inaima pambali pa msewu. Atatu aja anabwera ndi timitolo tawo, ndipo Alberto anavala suti yake ija, imene tsopano inali ndi mtundu wa dothi lathu. Kamtolo kake anakaika pansi pa piyano.

Nthumwi inali mnyamata wonenepa bwino, chinthu chimene anthu anachiyang'ana kwambiri kuposa mbendera. Analankhula nthawi yaitali, m'Chipwitikizi, a Shefi akumasulira. Anati Barnaba anali nyali. Anati Barnaba anakana kuti mwana wa dziko lino akwezedwe mu lole ngati katundu. Pamene ankanena zimenezi n'kuti woyendetsa lole akutsitsa chitseko cha kumbuyo, ndipo chinagwa ndi phokoso loti a Shefi anaiwala pomwe amamasulira. Palibe anaseka, koma ndinaona amayi ambiri akukonza mipango yawo kukamwa.

Kenako anaitana Alberto. Anaimba nyimbo imene amayi amaimba pokumbukira Barnaba. Ndinaimva piyano imeneyo ili ndi mawu ake onse, koma sinalirepo ngati tsiku limenelo. Pa kachigawo kotsalako ankayendetsa nyimbo, ndipo akafika pa mano akufa, amene ankangoti gu, gu, ngati mtondo, sankawalumpha. Anawasandutsa ng'oma. Dzanja lamanzere linkagunda matabwa opanda mawu, lamanja likuzungulira pa tinsambo tochepa tija, kupita, kubwerera, osafuna kufika kumapeto. Tonse tinadziwa chifukwa chake sankafuna kumaliza. Amayi anayamba kuyankha motsitsa mawu, Che Omari anavula kofia nkuivalanso. Nyimbo itatha nthumwi inaomba m'manja, nkuyang'ana wotchi.

Panatsala "Viva" ya amayi Sesiliya. A Shefi anawapatsa ulemu monga mwa chaka chilichonse, mayiwo nkuimirira ndi ndodo yawo.

"Nyimbo iyi ine sindinaimve," anatero. "Ikumveka ngati mbale zagwa pa thandala. Barnaba akanakhalapo akanatseka makutu, iye ankakonda za kutchalitchi." Anthu anaseka, Alberto nayenso anaseka. "Koma ndifunse, inu ana anga a boma. Kamiyawu iyo yabwerera yani?" Analoza lole ndi ndodo.

A Shefi anati, "Amayi, ndi ya makamarada atatu awa, akupita kukalima."

"Mwawafunsa?"

Nthumwi inafunsa a Shefi kuti gogoyo akuti chiyani, ndipo a Shefi, kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo, anasowa mawu. Amayi Sesiliya anayamba kuyenda kulunjika ku lole. Atafika anayeza kutalika kwake ndi maso, nkutembenuka. "Iwe wa loja, bwera nalo bokosi lija." Ndinayang'ana a Shefi, a Shefi anayang'ana mango. Ndinatenga bokosi la polishi limene Alberto ankakhalira nkukaliika pansi pa chitseko. Anaponda, ndinawagwira mkono, anakwera, nkukakhala pa tayala la sipeya atatambasula miyendo.

Nthumwi inathamangira komweko. Inawachonderera m'Chipwitikizi, kenako m'Chinyanja chothyokathyoka. Inati amayi ndinu ulemu wa dera lino, tsikani, anthu aganiza zina. Mayiwo anadikira mpaka mnyamatayo atatha mpweya.

"Tsiku lija anamutenga Barnaba," anatero, "ndinaithamangira kamiyawu mpaka pa mtsinje, mwana ali kumbuyo. Sindinaipeze. Lero ndafulumira kukwera."

Ine misozi inatsika anthu akuona, ndipo sindinaipukute.

Tsono taganizirani vuto la nthumwi ija. Kuwatsitsa mokakamiza sikukanatheka, mkazi wa Barnaba, pa tsiku la Barnaba, mbendera ili m'mwamba. Kupita nawo ndiye kukanakhala kukadzipereka yekha. Ndipo msewu wa kumtunda unkafunika kudutsa dzuwa lisanapendeke, asilikali operekeza asanabwerere. Anazungulira lole, anapita kuseri ndi a Shefi, anabwerako thukuta lili kamukamu. Pamapeto pake anakwera pa bokosi lija nkulengeza kuti pachitika kusamvana. Lole inabwerera nsomba zouma za asilikali, ndipo aliyense amene anamva zina sanamvetse bwino ndondomeko ya boma. Sindinaonepo asodzi akupereka usipa mokondwa ngati tsiku limenelo. Che Omari anathamanga yekha, mkanjo uli m'manja, kukatenga thumba loyamba.

Amayi Sesiliya sanatsike msanga. Anadikira mpaka timitolo tonse titatu titabwezedwa m'nyumba, ataona ndi maso awo. Atatuwo anakhala nafe mpaka mtendere unabwera, ndipo lamulo lija silinatchulidwenso ku Meluluca.

Titawatsitsa, lole nkunyamuka ndi nsomba zake, Alberto anabwera nagwada pafumbi patsogolo pawo. Anayesa kuthokoza m'Chinyanja chake chosauka chija, mawu akumuthawa, chifuwa chikumudula. Mayiwo anamuyang'ana.

"Dzukani, bambo, mukudetsa suti," anatero. "Ine sindinakwerere inu."

Anatenga ndodo yawo nkuyamba ulendo wa kwawo, ndipo tonse tinawapatsa njira.